Chilembo Chimodzi pa Bolodi

Talandira anagwada kuseri kwa nyumba dzuwa lisanatenthe, akubaya timipira ta dongo ndi timitengo ta tsache. Kampira kakakulu pamwamba, tiwiri tating'ono kunsi kwake, kena uku kena uku: amenewo ndiwo anali madzi a phunziro lake la sayansi. Ankatiika mosamala mu dengu, pa udzu wouma, chifukwa dongo la nyengo ya dzinja siliuma msanga ndipo limasweka ukangoliyang'ana ndi diso loipa. Manja ankagwira ntchito, milomo ikubwereza Chipwitikizi chimene anayenera kukalankhula pamaso pa anthu m'mawa womwewo.

"Ligasau," ananong'ona. "Ligasau kimika."

Kumbuyo kwake lichero linagwa. Matemba ouma anamwazika pansi, nkhuku n'kuthamangira, koma mayi ake, a Maliya, sanaziingitse. Anangoima chilili, manja ali lende.

"Wati chiyani iwe?"

"Ndi mutu wa phunziro, amayi. Andipatsa kusukulu. Sindinasankhe ndine."

"Pakhomo panga pano?"

Talandira anawerama. Masiku atatu onse ankakaloweza mawuwo kumunda, pakati pa chinangwa, kumene kunalibe womumva. Lero lokha lilime linamupereka.

Pakhomo pa a Maliya mawu amenewo anali oipa kuposa chitukwano. M'buku la sayansi amangotanthauza kugwirana kwa maatomu, tinthu tosaoneka ndi maso timene timapanga chilichonse. Koma m'chaka cha 1986, m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, akanena kuti uli ndi ligasau ankatanthauza kuti ukugwirizana ndi adani. Bambo a Talandira, a Jeremiya, ankapalasa njinga kukagulitsa nsomba kutsidya kwa malire, n'kubwerako ndi mchere ndi sopo. Tsiku lina asilikali anasonkhanitsa mudzi wonse, wina n'kuwerenga pepala. Talandira anali ndi zaka zisanu ndi zinayi ndipo Chipwitikizi sankachimva, koma anamva dzina la bambo ake, ndipo pambuyo pa dzinalo anamva mawu amenewo. A Jeremiya anatengedwa pomwepo, ndipo sanabwerenso. Asilikaliwo anali a mbali iti musandifunse, mbali zonse ziwiri zinali ndi mfuti ndi mapepala. Sabata yomweyo a Maliya anakwera bwato ndi mwana wawo kuthawira ku Malawi.

Kumeneko ndi kumene Talandira anaphunzira mpaka Fomu 4, ndipo sayansi inamulowa m'mutu n'kukhazikika. Mtendere utabwera mayi ake anatsogola kubwerera, iye n'kutsatira atamaliza mayeso. Koma satifiketi ya Chingerezi kwawo ku Insaca inali pepala lokongola chabe. Zaka ziwiri anakhala akulima, akutola Chipwitikizi cha pa wailesi ndi cha kutchalitchi. Tsopano sukulu ya sekondale inali itatsegula kalasi yatsopano popanda mphunzitsi wa kimika, sayansi ya maatomu ija, ndipo anamuuza kuti akaime pamaso pa ophunzira mphindi makumi anayi ndi zisanu, amuone. Akapambana, ntchito ndi yake. Akalephera, woyang'anira maphunziro wochokera ku tauni ya Cuamba sabweranso chaka chino, ndipo khasu linali pakhonde likumudikira.

A Maliya anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kuyamba kutola matemba amodziamodzi.

"Akakhale kukuonerera ndani?"

"Dona Benedita a ku Cuamba, ndi a Alexandre, achiwiri kwa a diretori, mkulu wa sukulu."

Dzanja la a Maliya linaima m'malere.

"Ndinkati ndidzafa nazo izi," anatero. "Pepala lija silinadzilembe lokha, mwanawe. Asilikali aja theka lawo sankadziwa ndi kugwira lapisi yolembera komwe. Anafuna munthu wa dzanja labwino, ndipo kwathu kuja wa dzanja labwino anali pulofesori wa sikola ya ana. Alexandre yemweyo."

"Amayi, bwanji simunandiuze kale?"

"Ukanatani? Mtendere unabwera ndi lamulo lake, lakuti tonse titseke pakamwa. Timagula naye tomato pamsika umodzi. Kupita sindikukuletsa ayi. Ndangoti usakagwire dzanja lake usakulidziwa."

Akuluakulu amati tsobola wakale sawawa. Amene ananena zimenezo sanalawe wa mtundu uwu. Njira yonse yopita kusukulu Talandira ankayenda dengu lili pamutu, mtima ukumuuza kuti abwerere, miyendo ikukana. Atafika pa mjigo anaima, n'kuyang'ana kumbuyo, n'kuyang'ananso kutsogolo. Anali atadikira tsiku limeneli zaka ziwiri, ndipo zinamupsetsa mtima kuti ngakhale tsiku lakelo munthu uja anali atakhalamo kale. Anapitiriza ulendo.

Pakhonde la sukulu panaima anthu awiri. Mayi wamtali wa magalasi, wonyamula kope lalikulu lakuda, anali Dona Benedita. Winayo Talandira anali atamuonapo kangapo osamulabadira: bambo wamfupi, wa imvi, wa malaya ositidwa bwino koma othetheka kolala, cholembera chili m'thumba la pachifuwa. Ankayembekeza kuti lero aona chilombo. Anaona munthu wooneka ngati amalume a wina aliyense, ndipo zimenezi zinamuwawa kwambiri.

A Alexandre anatambasula dzanja. "Takulandirani, Dona Talandira."

Talandira anatsitsa dengu pamutu n'kulikumbatira ndi manja onse awiri. "Pepani, manja ali ndi katundu wosweka."

Bamboyo anamuyang'ana kamphindi, n'kubweza dzanja lake m'thumba.

Dona Benedita anabadwira kumwera kwa dziko, ndipo Chinyanja ankachimvera patali. Analankhula m'Chipwitikizi chofulumira, chosadikira munthu. "Mphindi makumi anayi ndi zisanu. M'kalasi ndi Chipwitikizi chokha. Chingerezi chanu munachisiya pa malire, si choncho? Ndaonapo ambiri obwera ndi mapepala a kutsidya. Ena amadziwa, ena amangodziwa kuvala."

Kalasi inali yodzaza mpaka kukhoma. Mazenera analibe magalasi, ndipo mabowo a zipolopolo pakhoma anali atamatidwa ndi simenti ya mtundu wina. Ophunzirawo sanali ana onse. Nkhondo inadya zaka za anthu, moti ena anali akulu kuposa Talandira: obwerera kuchokera ku Malawi, ana a asodzi a ku Chiuta olankhula Chiyao, ndipo kumbuyo kwenikweni kunakhala mwamuna wa ndevu dzina lake Bwanausi, amene aliyense ankadziwa kuti anagwirapo mfuti. Oonerera awiri aja anakhala pamipando pambali, pafupi ndi bolodi.

Talandira anatenga choko. Phunziro limayamba ndi mutu, palibe njira yolambalala. Anakweza dzanja, dzanjalo n'kuima pa bolodi osayenda. Kenako analemba, chilembo chimodzichimodzi, zonse zisanu ndi ziwiri, ndi kamchira kake kunsi ndi kanjoka kake pamwamba: Ligação.

Atatembenuka anazindikira kuti si iye yekha amene mawuwo ankamudziwa. Phokoso lonse la mabenchi linali litatha. Mtsikana wa mpango woyera pabenchi ya kutsogolo, Kulusumu, anali atagwira pakamwa. Bwanausi ankayang'ana pansi pakati pa mapazi ake. A Alexandre okha ndi amene ankayang'ana bolodi mosaphethira.

Dona Benedita anayang'ana wotchi yawo.

"Ligasau kimika," anatero Talandira pomaliza, mawu ali okhakhala. Ndipo anawonjezera zimene sanakonze, m'Chipwitikizi chake chopunduka: "Muno mawu awa alibe mlandu. Ndi maatomu okha amene akugwirana."

Wina anapuma mokweza kumbuyo. Talandira anayamba.

Mphindi khumi zoyambirira zinali zomvetsa chisoni, tisabise. Ankanena ziganizo zimene analoweza kumunda, zoongoka ndithu, koma zouma. Anati maatomu amagwirana pogawana maelekitironi. Anati ena amakoka maelekitironiwo mwamphamvu kuposa anzawo. Ophunzira ankalemba mokhulupirika, nkhope zili gwa, ndipo mphunzitsi aliyense amadziwa nkhope ya munthu amene akulemba zimene sakumva. Cholembera cha Dona Benedita chinkayenda m'kope lakuda lija. Thukuta linatsika pamsana pa Talandira.

Anatulutsa madzi ake a dongo mu dengu, n'kuwakweza m'mwamba. Anafuna mawu a Chipwitikizi a khoka, osawapeza. Anawafunanso. Ndiye pakamwa panangotseguka pokha, Chinyanja n'kutuluka.

"Tamverani kuno. Ndani mwa inu anakokapo khoka?"

Mitu inadzuka. Manja khumi ndi angapo anakwera mokayika, maso akuyang'ana kwa Dona Benedita.

"Asodzi awiri agwira khoka limodzi. Onse ndi eni ake, palibe wobwereka. Khokalo ndi maelekitironi awiri amene akugawana. Akakhala ofanana mphamvu, khoka likhala pakati. Koma uyu," analoza kampira kakakulu, "uyu okosijeni ndi msodzi wadyera, wa mikono. Amakokera khoka kwake. Haidirojeni wachabechabeyu salitaya ayi, koma wangogwira kansonga. Ndiye mbali ya okosijeni imakhala ndi negativu pang'ono, ya haidirojeni ndi pozitivu pang'ono. Kugwirana kotereku, kopendekera mbali imodzi, ndiye timati polar."

"Nanga bwanji miyendo yake yakhota, Pulofesora?" anafunsa Kulusumu. "Dongo linali lofewa?"

Kalasi inaseka, ndipo Talandira anamva chifuwa chikumasuka koyamba tsiku limenelo.

"Dongo lilibe mlandu. Okosijeni wabereka kumsana maelekitironi ena anayi, awiriawiri, amene sanagwirane ndi aliyense. Simukuwaona apa, koma alipo, ndipo amafuna malo. Ndiwo akukankhira miyendoyi pansi. Chifukwa cha kukhotaku, madzi ali ndi mbali ya negativu ndi mbali ya pozitivu. Mchere ukalowamo, madzi amaugwira uku ndi uku mpaka usungunuke. Mafuta alibe mbali zoterozo, ndiye madzi amasowa powagwira."

"Ndiye chifukwa chake mafuta pa msuzi wa mlamba amakhala paokha timasotimaso?" anafunsanso Kulusumu.

"Kukana kusakanikiranako ndi chifukwa chimenechi. Kuyandamako ndi nkhani ina, ya kupepuka. Tidzaiona tsiku lina."

Atanena "tsiku lina" anakumbukira kuti tsikulo mwina silidzafika. Anayang'ana pambali. Dona Benedita anali atasiya kulemba ndipo ankamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Talandira anabwerera msanga ku Chipwitikizi, n'kubwereza zonse zija, ndipo ulendo uno nkhope za ophunzira zinkayenda naye limodzi.

Anatulutsa kagulu kena ka maatomu ogwirana, molekula yachiwiri ya dongo, yoongoka ngati ndodo: kaboni pakati, okosijeni uku, okosijeni uku. Anati uwu ndi mpweya umene timatulutsa popuma. Okosijeni aliyense akukoka maelekitironi kuchoka kwa kaboni, koma popeza akukoka mofanana ndipo ayang'anizana, kukokako kumathetsana. Molekula yonse imakhala apolar, yopanda mbali.

Kumbuyo dzanja linakwera. Anali Bwanausi. Anaimirira, benchi n'kulira, ndipo analankhula m'Chinyanja, mosapempha chilolezo kwa aliyense.

"Pulofesora, mwati kumathetsana. Ndiye kuti wapakatiyo sakukokedwa?"

Talandira anayang'ana kampira ka dongo ka pakati kaja. Anadziwa yankho la m'buku, ndipo linali lalifupi. Koma m'maganizo anaona njinga yomangidwa dengu la nsomba kumbuyo, ndi munthu amene asilikali a uku ankamufunsa chimene akukachita kutsidya, a uko n'kumamufunsa chimene akubwerera.

"Akukokedwa," anayankha m'Chinyanja momwemo. "Akukokedwa ndithu, mbali zonse ziwiri, nthawi zonse. Kungoti woona ali kunja saona kanthu. Amaona ndodo yoongoka, yokhala phee."

Bwanausi anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kukhala pansi. Palibe anaseka. A Alexandre anali atatulutsa cholembera m'thumba ndipo ankachizunguza m'zala.

Panatsala mphindi zisanu ndi zitatu pamene Dona Benedita anatseka kope lawo.

"Zimene munakonza kunyumba taziona," anatero. "Tsopano zimene simunakonze. Tijambulireni molekula ya atomu imodzi ya azoto ndi maatomu atatu a haidirojeni. Mutiuze maonekedwe ake, ndiponso ngati ili polar kapena ayi."

Azoto.

Talandira anafufuza m'mutu mwake ngodya zonse. Mayina a Chipwitikizi ambiri amafanana ndi a Chingerezi, amangosiyana kumchira, ndipo iye ankadalira zimenezo. Koma azoto sanafanane ndi chilichonse chimene anaphunzira ku Malawi. Chinthu chimenecho ankachidziwa bwino lomwe, anachilembapo pa mayeso n'kukhoza, koma ankachidziwa ndi dzina lakuti naitirojeni, ndipo panalibe womuuza kuti kuno chimayenda ndi dzina lina. Buku anamubwereka masiku atatu okha, ndipo theka la masamba ake linadyedwa ndi chiswe.

Anayesa kulingalira. Atomu yogwira haidirojeni atatu ikhoza kukhala naitirojeni, ikhozanso kukhala boroni. Ikakhala boroni, molekula imagona chafufumimba, yafulati, yopanda mbali. Ikakhala naitirojeni, imaima ndi miyendo ndipo ndi polar. Mayankho awiri otsutsana, ndipo kulota pamaso pa mayi ameneyu kunali kudzikumbira dzenje. Kufunsa kuti azoto n'chiyani kunali kuvomera kuti iye ndi mmodzi mwa aja ongodziwa kuvala. Choko chinanyowa m'dzanja lake.

"Tikudikira," anatero Dona Benedita, akutsegulanso kope n'kuweramira m'menemo.

Mpando unakwekwereza pansi. A Alexandre anaimirira, n'kutenga kansanza kofufutira.

"Ndi chilolezo chanu, Dona Benedita. Bolodi yadzaza."

Anafufuta ngodya imodzi mosafulumira, ngati munthu wozolowera ntchito zazing'ono. Kenako anatola kachoko kotsala m'mphepete, ndipo pakati pa malo oyerawo analemba chilembo chimodzi: N. Anabwerera pampando wake osayang'ana munthu.

"Yambirani apo, pali malo," anatero.

Chilembocho chinali chokongola, miyendo yake yoongoka, mzere wapakati wotsetsereka bwino. Dzanja labwino ndithu, monga ananenera mayi ake. Talandira anachiyang'ana. Dzanja limeneli linalembapo dzina la Jeremiya mokongola chomwechi. Anadana nacho chilembocho, anadana ndi mwini wake, ndipo anadzida yekha chifukwa mutu wake unali utachilandira kale. N ndi naitirojeni. Yankho lonse linali litatseguka pamaso pake iye asanavomere.

Akanatha kuchifufuta ndi chikhatho. Akanatha kutembenuka n'kunena kuti sakudziwa azoto, n'kunyamula dengu lake, n'kukafika kwa mayi ake manja ali oyera. Anaganiza zimenezo ndithu, ndipo zinamukomera. Dzanja lake linakwera mpaka pafupi ndi chilembocho. Kumbuyo kwake m'kalasi munali zii, moti ankamva mapepala a m'kope la Dona Benedita akupindika. Anacheuka pang'ono. Kulusumu anali atagwira pensulo pamwamba pa kope, maso ali pa iye, akudikira chojambula. Ndipo iyenso mwini, tisamunamizire kuti ankangoganiza za ana, ntchitoyo ankaifuna ndi mtima wake wonse.

Anaika choko pa bolodi. Kunsi kwa N wa a Alexandre anajambula mizere itatu, n'kulemba H kumapeto kwa uliwonse. Pamwamba pa N anadontheza timadontho tiwiri.

"Azoto," anatero m'Chipwitikizi, akulitchula dzinalo ngati analidziwa chibadwire, "ali ndi maelekitironi asanu kunja. Atatu agwirana ndi haidirojeni. Awiri atsala okha pamwamba, ndipo akukankhira miyendo itatuyi pansi. Molekula siigona fulati. Imaima ngati kampando ka miyendo itatu, piramidi. Azoto amakoka kwambiri kuposa haidirojeni, ndipo kukokako konse kwaloza kumwamba, palibe chokuthetsa. Ndi polar. Dzina lake ndi amoniyako."

Dona Benedita anayang'ana bolodi nthawi yaitali. Kunja wina anamenya chitsulo cha gudumu la galimoto chimene chinali belu la sukuluyo.

Mu ofesi munali tebulo limodzi ndi mipando itatu. Mitambo inali itadetsa zenera, ndipo Dona Benedita ankalongedza chikwama mofulumira kuti msewu wa ku Cuamba usawatsekere.

"Mwaphwanya lamulo la chilankhulo kawiri," anatero. "Chipwitikizi chanu chimatsimphina mwendo umodzi. Koma kimika mumaidziwa, ndipo ophunzira amva. Zimenezi sindiziona kawirikawiri. Ntchito ndi yanu, mwa kuyesedwa, chaka chimodzi." Anakankhira pepala kwa iye. "Chaka chonsechi mukhala pansi pa Senyori Alexandre. Lachisanu lililonse muzikhala naye kukonza maphunziro a sabata yotsatira, akuongoleni mawu. Pakutha pa chaka iye ndiye adzalembe lipoti lonena ngati mukhale kapena muchoke. Mukavomera, sainani apa, pepalalo mumusiyire."

Anatsanzika, n'kutuluka. Galimoto inalira panja, ndipo madontho oyamba anayamba kugunda malata.

Anatsala awiri, tebulo lili pakati. Talandira ankayang'ana pepalalo. Dzina lake linali pamwamba, ndipo m'munsi munali mpata wa dzina la womuyang'anira. Munthu yemweyo adzakhalanso pansi ndi cholembera kulemba za munthu wa pakhomo pawo, ndipo zimene adzalembezo ena adzaziwerenga n'kuchitapo kanthu.

"Ndinakuzindikirani tsiku lomwe munabwera kudzafunsa ntchito," a Alexandre anatero m'Chinyanja, motsitsa mawu. "Mumayenda ngati bambo anu."

"Musawatchule."

Mvula inakula.

"Asilikali anandiuza kuti akufuna mayina khumi pofika madzulo," anayambanso, akuyang'ana tebulo. "Akapanda kukwana, loyamba likhala langa. Ndinali ndi ana anayi. Sindikunena kuti..."

"Sindinakufunseni."

"Ee. Simunandifunse."

Talandira anamva misozi ikubwera ndipo anaikaniza, chifukwa pamaso pa munthu uyu sakanalira ngakhale zitavuta bwanji. Analibe cholembera chake. A Alexandre anasolola chawo m'thumba, n'kuchiika pa tebulo, pakati, osachipereka m'manja. Chinakhala pamenepo nthawi yaitali.

"N uja ndamutenga," anatero Talandira pomaliza. "Ndamutenga chifukwa ndinkamufuna. Koma musadzagone tulo poganiza kuti chilembo chimodzi chafafaniza zisanu ndi ziwiri zija za ligasau."

"Ndikudziwa," anayankha a Alexandre. "Zaka khumi ndi zitatu ndakhala ndikuziwerenga."

Talandira anatola cholemberacho. Anasaina dzina lake lonse, ndi la bambo ake kumapeto, mwa zilembo zazikulu zosakongola. Anasiya cholembera pomwe anachipeza, n'kuimirira.

"Lachisanu nthawi yanji?"

"Ikatha aula yomaliza, ophunzira akaweruka. Muno momwemo."

"Chitseko chizikhala chotsegula."

"Chizikhala chotsegula."

Pakhonde anaima kudikira kuti mvula ichepe, koma sinachepe. Bwalo lonse la sukulu linali litasanduka phala lofiira, ndipo njira yopita kwawo, kumene mayi ake ankadikira kumva zonse, inkadutsa pakati penipeni. Walira mvula walira matope. Talandira anawerama, n'kuvula nsapato zake zakutchalitchi, n'kuzigwira m'dzanja. Anaponda phazi loyamba, matope ozizira n'kutulukira pakati pa zala.